Galasi la foni likasweka lisathere pa dzala

Pa Chitakale, pakhonde la sitolo ina, pamakhala mnyamata amene ndimamupatsa foni yanga ikavuta. Mwezi wathawu ndinapita kukasinthitsa galasi litang'aluka pamene foniyo inagwera pa simenti, ndipo pakona pake panali patayamba kufalikira chibanga chakuda ngati inki yotayikira pa nsalu. Mnyamatayo anaitenthetsa pang'ono kuti guluu afewe, analowetsa kachitsulo kopyapyala m'mbali mwake, anakanganula galasi lakalelo n'kuliponya m'katoni imene inali pansi pa tebulo. M'katonimo munali magalasi enanso ambirimbiri, ena ong'aluka pakati, ena ophwanyikiratu, ndipo pansi pake panali fumbi lonyezimira la tizidutswa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, katoniyi ikadzaza mumapita nayo kuti?" Iye anayankha maso ali pa ntchito: "Timakakhuthula kuseriko, bambo. Osesa akaunjika zinyalala madzulo amayatsa moto." Atamaliza anapukuta zala pa buluku, anatenga chitumbuwa chimene anasiya pa nyuzipepala pambali pa zipangizo zake, n'kupitiriza kudya.

Mnyamatayu sindikumuimba mlandu, chifukwa palibe anamuuzapo kuti zimene amaponya m'katonimo n'zosiyana ndi makoko a chinanazi, ndiponso alibe kwina kumene angapite nazo. Dandaulo langa lili pa ife tonse, makamaka amene ali ndi udindo. Talandira foni, laputopu ndi wailesi ya kanema ndi manja awiri, monga kuyenera, koma sitinalambule njira yoti zipangizozi zikafa zizitulukira m'mudzi. Maganizo anga ndi akuti galasi la chipangizo chamagetsi lisamathere pa dzala kapena pa moto, ndipo ndalama yolichotsera izichokera kwa amene anapindula polibweretsa m'dziko muno, m'malo moti mwana wosewera pa phulusa azilipira ndi thanzi lake.

Dzala la makolo athu linali chinthu chanzeru. Munkagwera makoko a chinangwa, zitsononkho, zotsala za m'khitchini, phulusa la pa mafuwa ndi zosesa za pabwalo, ndipo zonsezi zinkaola mvula ikagwa kawiri katatu. Likadzaza ankalikwirira n'kubzalapo nthochi kapena maungu, nkhuku nazo zinkaswera pomwepo kupalasa, kotero kuti chimene chatayidwa chaka chino chinkabwerera m'mbale chaka chamawa. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ulendo wobwererawo ndi waufupi kuposa m'maboma ambiri, chifukwa malo aakulu ali pansi pa tiyi ndipo anthu tinapanikizana pa timalo totsala. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Pamakomo ambiri dzala, khola la nkhuku, kadimba ka masamba ndi chitsime zimangotalikirana mapazi owerengeka. Dongosolo limeneli limayenda bwino ngati chilichonse cholowa m'dzala chili choola. Tikaponyamo chinthu chonyamula mankhwala osatha mphamvu, njira yomweyo imene inkatibwezera manyowa ndiyo idzatibwezera mankhwalawo.

Galasi la mafoni ambiri otsika mtengo, la malaputopu ndi la ma TV opyapyala amene anthu amangowatchula onse kuti pulazima, ndi la mtundu wa LCD. Limaoneka ngati chinthu chimodzi, koma ndi magalasi awiri omatidwa pamodzi, ndipo pakati pawo pali mankhwala amadzimadzi oyalidwa mopyapyala kwambiri kuposa tsitsi limodzi la munthu. Kumbuyo kwake kuli nyali. Magetsi akafika, timamolekyu ta mankhwalawo timatembenuka n'kutsegula kapena kutseka njira ya kuwala pa kadontho kalikonse, ndipo chithunzi chimene timaona chimapangika motero. Chibanga chakuda chija chimaonetsa kuti galasi lasweka m'kati ndipo mankhwalawo achoka m'malo mwake, akuyenderera. Asayansi amawatchula kuti liquid crystal monomers, mwachidule LCM, ndipo m'galasi limodzi mumakhala mitundu 10 kufikira 20 yosakanizidwa. Mankhwalawa sanamangiriridwe ku galasilo, angotsekeredwa pakati, kotero amatha kutuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi chipangizo chikamatentha, ndipo galasi likasweka khomo limakhala lotseguka. Anapangidwanso dala kuti akhale olimba, asawonongeke ndi kutentha kapena kuwala kwa zaka zambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi fluorine, amene amamanga molekyu mwamphamvu zedi. Kulimba kumene kumachititsa kuti TV ithe zaka khumi ikuonetsa bwino n'komweko kumene kumachititsa kuti mankhwalawa avute kuola m'nthaka.

Nkhaniyi inayamba kumveka kwambiri mu 2019, pamene akatswiri a ku Nanjing, m'dziko la China, mogwirizana ndi John Giesy wa pa yunivesite ya Saskatchewan ku Canada, anaunika mitundu 362 ya mankhwalawa. Anapeza kuti mitundu 87 ili ndi zizindikiro za mankhwala okhalitsa m'chilengedwe komanso ounjikana m'matupi a zamoyo. Atatapa fumbi m'nyumba zogona, m'zipinda zophunzirira ndi pamalo okonzera zipangizo zamagetsi, anawapeza mankhwalawa m'fumbilo. Atathira mankhwala ochokera m'magalasi a mafoni pa maselo a chiwindi cha anapiye a m'dzira, anaona kuti majini ena asintha kagwiridwe kake ka ntchito. Kafukufuku wotsatira ku China komweko anawapeza m'magazi a anthu ogwira ntchito yophwasula zipangizo zakutha, ndipo ku America anawapeza m'ndowe za agalu ndi amphaka okhala m'nyumba. Galu sagwiritsa ntchito foni. Mankhwalawo anawatola m'fumbi la pansi, pomwenso mwana wokwawa amaika manja ake asanawalowetse m'kamwa.

Ndiyenera kunena mwachilungamo pamene umboniwu walekezera. Kuyesa kuopsa kwa LCM kwachitika makamaka pa maselo ndi pa nyama za m'malo ofufuzira, ndipo sikunafike poloza matenda enieni mwa anthu. Makampani opanga mankhwalawa amanena kuti poyesa kwawo sanapeze kuti amavulaza munthu msanga. Komanso m'foni imodzi muli ochepa kwambiri, osakwana n'komwe theka la galamu. Zonsezi n'zoona, koma kupha msanga si funso limene likutikhudza pano. Poizoni wogwetsa munthu tsiku lomwelo, monga tameki, aliyense amamuopa n'kumubisa patali ndi ana. Ovuta kuwazindikira ndi mankhwala amene sasungunuka m'madzi koma amakakamira ku mafuta, ku fumbi ndi ku matope, amene thupi limachedwa kuwatulutsa, amene amachoka m'dothi kulowa mu nyongolotsi, kuchoka mu nyongolotsi kulowa mu nkhuku, kuchoka mu nkhuku kulowa mu dzira, osapweteketsa munthu mutu kapena m'mimba kuti adziwe kuti chinachake chalowa.

Komanso LCM ndi mlendo chabe pakati pa adani amene tikuwadziwa kale bwino lomwe, ndipo onsewa amabwera m'chipangizo chimodzi. Azakhali anga, kumudzi cha ku Thuchila, anali ndi TV imene mwana wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mphezi itaiwononga inakhala zaka ziwiri pamwamba pa kabati itafunditsidwa nsalu, poyembekeza kuti tsiku lina idzakonzedwa, mpaka wokonza wina anachotsamo zimene ankafuna n'kusiya chigoba. Tsiku limene ndinafika ndinapeza adzukulu ataiphwasula pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtsikana wina ankadziyang'anira pa pepala lonyezimira la kumbuyo kwa galasi, pamene anyamata anali atasolola timachubu tagalasi toyera, tatitali, topyapyala ngati udzu wofolerera nyumba, akuthyola kamodzikamodzi kuti amve kulira kwake. Nditawalanda, azakhali anadabwa: "Mwanawe, timagalasi tomweti? Ine ndimangoopa kuti angachekeke nato."

Timachubu timeneto ndi nyali za ma TV ndi malaputopu a LCD akale, opangidwa nyali za LED zisanafale, ndipo kalikonse kali ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Kakathyoka, mercury amatuluka ngati nthunzi yosaoneka ndi yopanda fungo, imene imalowa m'mapapo n'kukafika ku ubongo ndi ku impso. Akakafika m'matope a mumtsinje, tizilombo tosaoneka timamusandutsa methylmercury, amene amaunjikana mu nsomba ndipo amawononga ubongo wa mwana ali m'mimba. Ndi amene anapundula ndi kupha anthu ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956, n'chifukwa chake pangano la maiko lochepetsa mercury la mu 2013 linatchedwa dzina la tauniyo. Ma TV akale aja a chimimba kumbuyo, amene akutayidwa tsopano m'makomo ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ali ndi vuto lawo: galasi lawo lokhuthala linasakanizidwa ndi mtovu, ndipo pa TV yaikulu mtovuwo umapitirira kilogalamu imodzi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza mwana. Umabweza nzeru m'mbuyo, ndipo zikabwerera choncho sizikonzeka. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akulimbanabe ndi mtovu m'dothi la pamakomo awo ngakhale mgodi wake unatsekedwa mu 1994.

Choipa koposa ndi moto. Chigoba cha pulasitiki cha zipangizo zambiri zakale chinathiridwa mankhwala a bromine oletsa kuyaka, monga aja otchedwa PBDE, amene amasokoneza ntchito ya chithokomiro ndi kakulidwe ka ubongo, ndipo pangano la maiko lolimbana ndi mankhwala oopsa osaola msanga, la Stockholm, linawaika pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa, ena mu 2009 ndi ena mu 2017. Pulasitiki wotereyu ndi mawaya akapsa pa moto wofuka, wopanda mpweya wokwanira, pamabadwa poizoni watsopano amene munalibe m'chipangizomo, wotchedwa dioxin ndi furan. Moto wa pa dzala la msika ndi wa mtundu umenewo ndendende: masamba a kabichi onyowa, makoko a nzimbe ndi majumbo zimaunjikidwa pamodzi, moto sukolera bwino, utsi umangokwawa pansi usiku wonse kulowa m'nyumba zoyandikana, ndipo m'mawa pamatsala phulusa lodera limene mbuzi ndi nkhuku zimafikapo anthu asanadzuke.

Za nkhukuzi pali umboni wa mu Africa momwe muno. Mu 2019 mabungwe olimbana ndi mankhwala ndi zinyalala zoopsa a IPEN ndi Basel Action Network anayesa mazira a nkhuku zoyendayenda ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anthu ankaotcha zipangizo zamagetsi kuti apeze mkuwa. Anapeza kuti munthu wamkulu akadya dzira limodzi lokha amakhala atapitirira ka 220 mlingo wa dioxin umene bungwe loona za chakudya ku Ulaya limati munthu angapirire pa tsiku. Limbuli, Luchenza kapena Bvumbwe si Agbogbloshie, ndipo zimene zimapsa pa misika yathu n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kumeneko. Koma njira ya poizoniyo ndi imodzimodzi, ndipo nkhuku ya lokolo imene timaitama kuti ndi yabwino kuposa ya chizungu ndi imene imadya za pansi. Dzira lake ndi limene alangizi a zaumoyo amatilimbikitsa, moyenerera, kuti tizipatsa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene moto wasiya, mvula imanyamula. Dera lino lili m'gulu la madera olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi anakhazikika kuno, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira chiperoni sichilola nthaka kuuma. Madzi amatsika m'phiri la Mulanje ali oyera, mpaka a Blantyre Water Board anawatchera mapaipi pa Likhubula kupita nawo ku Blantyre. Kuipa kumayambira pansi pano. Madzi ochoka pa dzala la msika amatsata ngalande ya m'mbali mwa msewu, kulowa m'kakhwawa, n'kukathira mu Likhubula, Lichenya, Thuchila kapena Muloza, mitsinje yokathera mu Ruo, ndipo Ruo amakakumana ndi Shire ku Chiromo. Popeza LCM, mankhwala a bromine ndi dioxin sasungunuka bwino m'madzi, amakwera pa timatope n'kukagona pamene mtsinje wafatsa, m'madambo ndi m'madimba a kumunsi, mmene anthu amalima masamba ndi mpunga, mmenenso milamba imafunafuna chakudya pansi. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anatilanda abale ambiri m'maboma ano, anakokolola nyumba, minda, zimbudzi ndi madzala omwe. Chilichonse chimene tinakwirira poganiza kuti tathana nacho chinafukuka n'kukayalidwa m'minda ya anthu ena. Kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri, kukwirira kapena kuponya m'chimbudzi n'kungosungira madzi osefukira a chaka china.

Wowerenga wina anena kuti tili ndi mavuto aakulu kuposa awa, ndipo sindimutsutsa. Malungo akupha ana, kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700, njala imabwera chaka ndi chaka, ndipo utsi wa nkhuni m'khitchini ukuwononga mapapo a amayi ambiri kuposa amene galasi la foni lingawavulaze. Sindingapemphe kuti achotse ngakhale tambala imodzi pa ndalama za mankhwala a malungo kuti akatolere magalasi. Koma kuchepa kwa vutoli lero ndiko kukutipatsa mwayi, chifukwa kusonkhanitsa magalasi akadali m'makatoni a okonza mafoni ndi ntchito ya mgolo umodzi wovundikira pa msika uliwonse, pamene kuchotsa poizoni amene wasakanikirana kale ndi dothi la m'dimba ndi ntchito imene ngakhale maiko olemera imawalemera. Madzi akatayika saoleka. Ndipo zinyalalazi zikungochulukirachulukira. Lipoti la mabungwe a ITU ndi UNITAR, amene ndi nthambi za United Nations, la mu 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwa m'njira yovomerezeka zinali 22.3 pa 100 zilizonse, pamene mu Africa sizinakwane ngakhale 1 pa 100. Pofika mu 2030 akuyembekeza matani 82 miliyoni. Kuno kwathu tikudzionera tokha: foni tsopano ndi banki ya mlimi kudzera mu Mpamba ndi Airtel Money, ma TV oyendera sola alowa m'midzi imene mawaya a ESCOM sanafike, ndipo foni imodzi imasinthidwa galasi kawiri kapena katatu isanafe.

Wina anenanso kuti tidikire asayansi amalize kafukufuku wa LCM. Mbiri ya mtovu wa mu petulo ikutichenjeza za kudikira kotere. Anayamba kuuthira mu petulo m'ma 1920, madokotala ena anachenjeza nthawi yomweyo, koma opanga anaumirira kuti umboni sunakwane. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotereyu pofika mu 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021, patatha zaka pafupifupi 100, mibadwo ingapo ya ana itapuma kale utsiwo. Malamulo aakulu a dziko lathu, m'gawo 13, amalamula boma kusamala chilengedwe moganizira ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo. Mbadwo umenewo sungathe kudandaula lero, ndipo pamene umboni wonse udzakhale utakwanira mankhwalawo adzakhala ali kale m'nthaka yake. Ngakhale zitadzapezeka kuti LCM si oopsa monga akuwaganizira, sitidzakhala titataya kanthu, chifukwa mgolo womwewo udzakhala utasunga mercury, mtovu ndi pulasitiki wa bromine kutali ndi moto.

Tsono alipire ndani? Tili ndi chitsanzo chimene mwana aliyense amachidziwa. Botolo lagalasi la chakumwa choziziritsa kukhosi sulipeza pa dzala, chifukwa lili ndi mtengo: ukalibweza kugolosale amakubwezera ndalama, ndipo galimoto imene imabweretsa makireti odzaza ndi imene imabwerera ndi opanda kanthu. Zitsulo zakutha nazo sizigonera panja, chifukwa pali anyamata oyenda ndi sikelo m'midzi kuzigula. Chimene chili ndi mtengo chimadzichotsa chokha m'mudzi. Galasi lakufa limatsala chifukwa palibe wolifuna, ndipo wophwasula amangozula mkuwa ndi kabolodi ka m'kati n'kusiya zina zonse. Njira yake ndi kulipatsa mtengo. Aliyense wolowetsa mafoni, ma TV, malaputopu ndi magalasi osinthira m'dziko muno azilipira kandalama kochepa pa chipangizo chilichonse, ndalamayo izisungidwa m'thumba lapadera losasakanikirana ndi misonkho ina, ndipo izigwira ntchito yogula magalasi akufa, kuwanyamula ndi kuwasunga. Nzeru imeneyi maiko ena anaiyamba kale. Maiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo losenzetsa opanga udindo wa zinyalala zamagetsi mu 2003, Ghana inakhazikitsa lamulo lake mu 2016, South Africa inayamba kutsata malamulo otere mu 2021, ndipo Rwanda, dziko laling'ono lopanda nyanja yamchere ngati lathu, inamanga malo ophwasulira zipangizozi ku Bugesera.

Ndikudziwa kuti wamalonda adzakankhira kandalamako kwa wogula, ndipo pa nthawi ino imene kwacha yafooka palibe amene akufuna kumva za kukwera kwa mtengo wa foni. Koma ndalama imeneyi ikayendetsedwa bwino imabwerera m'manja mwa wogula yemweyo tsiku limene wabweza chipangizo chakufa, monga zimachitikira ndi botolo. Ndipo ngakhale lero pali amene akulipira, kungoti amene akulipirayo sanagule n'komwe foniyo: wosesa pa msika, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi dzala, mwana wa m'nyumba imene utsi umalowa.

Okonza mafoni ndi ma TV ndiwo ayenera kukhala pakati pa dongosolo limeneli, ndipo ndingadandaule kwambiri boma litawayamba ndi chilango. Anyamata ndi atsikana amenewa, ambiri mwa iwo odziphunzitsa okha, akugwira kale ntchito yoteteza chilengedwe, chifukwa foni iliyonse imene aidzutsa ndi foni imene sinapite ku dzala. Magalasi akufa amasonkhana kale m'manja mwawo popanda wowatuma. Iwonso ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, popeza amagwira magalasi osweka tsiku lonse, amapuma utsi wa mtovu wowotcherera mawaya, ndipo amadyera pa tebulo lomwelo. Khonsolo ya Mulanje ndi ya Thyolo zimatolera ndalama ya msika tsiku ndi tsiku, ndipo wotolera tikiti amadutsa pa tebulo la wokonza aliyense. Sichingakhale chinthu chovuta kuti pa Chitakale, Limbuli, Nkando, Luchenza, Bvumbwe ndi pa Thyolo boma pakhale mgolo wovundikira, woikidwa pansi pa denga, umene wokonza azithiramo magalasi n'kulandira kenakake pa galasi lililonse. Makampani a mafoni ndi ogulitsa ma TV a sola ali ndi nthumwi pafupifupi pa msika uliwonse ndipo magalimoto awo amabwerera ku Limbe ndi ku Blantyre. Amene anapeza njira yofikitsira chipangizo chatsopano kwa mlimi wa ku Thekerani sangalephere kupeza njira yotulutsira chakufa.

Kusonkhanitsa kuli ndi phindu ngakhale pasanamangidwe fakitale yoyeretsera magalasiwa, chifukwa galasi losasweka losungidwa pouma silivulaza munthu, ndipo likachuluka litha kutumizidwa kumaiko amene ali ndi zipangizo zoyenera, motsata pangano la Basel, loona za kutumiza zinyalala zoopsa kuchoka m'dziko lina kupita m'dziko lina, limene dziko lathu lili membala wake. Pangano lomweli, kuyambira pa 1 January 2025, likufuna kuti zinyalala zonse zamagetsi zisadutse malire popanda chilolezo cha dziko lolandira. Apa ndi pamene MRA ndi Malawi Bureau of Standards ayenera kutsegula maso pa zipata monga Muloza ndi Mwanza, kuti ma TV ndi makompyuta ofika m'dzina la kaunjika akhale ogwiradi ntchito, asakhale mitembo imene eni ake akuthawa mtengo woikira maliro. MACRA, imene imavomereza mitundu ya zipangizo zolankhulirana zolowa m'dziko, ndi MEPA, nthambi ya boma yoteteza chilengedwe imene inabadwa ndi lamulo la zachilengedwe la mu 2017, ndiwo oyenera kutsogolera. Nkhani ya majumbo opyapyala iyenera kutiphunzitsa kanthu: lamulo lowaletsa linatuluka mu 2015, khoti lalikulu la apilo linalivomereza mu 2019, koma majumbowo anapitirirabe kupezeka m'misika. Kuletsa pa pepala popanda ndalama, popanda mgolo ndi popanda munthu wodutsa kudzatenga, sikudzachotsa galasi ngakhale limodzi kuseri kwa msika.

Tilinso ndi mwayi umene maboma ena alibe. Yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ili ku Ndata, m'boma la Thyolo momwe muno. Ophunzira ake atha kutapa fumbi la pa matebulo a okonza mafoni, phulusa la madzala a misika, matope a mu Thuchila ndi mazira a nkhuku zoswera pafupi ndi malo ootchera zinyalala, n'kuyamba ndi zimene n'zosavuta kuyeza monga mtovu, pamene zovuta monga LCM ndi dioxin angathandizane ndi anzawo a kunja amene ali ndi makina ake. Makhansala ndi mafumu amamva msanga nkhani ikakhala ya msika wawo, ndipo manambala ochokera pa Luchenza angagwedeze msonkhano wa khonsolo kuposa a ku Nanjing.

Pamene tikudikira zonsezi, pakhomo pali zimene tingayambe lero. Foni, TV kapena laputopu yakufa isaphwanyidwe, isapatsidwe ana ngati choseweretsa, isaponyedwe m'chimbudzi, ndipo isayandikire moto. Ikulungidwe m'thumba n'kuikidwa pamwamba pouma. Kachubu ka nyali kakathyoka m'nyumba, ana atulutsidwe, mawindo ndi zitseko zitsegulidwe kwa kanthawi, zidutswa zitoledwe ndi katoni yolimba ndi kansanza konyowa m'malo mwa tsache, n'kutsekeredwa m'botolo la chivindikiro. Wokonza azisamba m'manja ndi sopo asanadye, chakudya chizikhala kutali ndi tebulo la ntchito, ndipo zovala za kuntchito zisamachapidwe pamodzi ndi za khanda. Pamalo pamene panapsera kale zipangizo zamagetsi, phulusa lake lisatengedwe kukathira m'dimba, ndipo malowo atchingidwe ndi minga kapena nsungwi kuti nkhuku zisamapalasepo.